Corolla yanga inkazima m'mawa uliwonse titasamukira ku Dedza

Atandisamutsa kuntchito kuchoka ku Salima kupita ku Dedza, ndinanyamula banja, katundu, ndi Toyota Corolla yanga ya 1994, ija ya AE100 ya injini ya 5A-FE, ya otomatiki. Ku Salima ndinakhala nayo zaka zinayi, ndipo sinandivutitsepo m'mawa ngakhale tsiku limodzi. Tinafika ku Dedza mu January mvula ili mkati, galimoto n'kumayenda bwinobwino mpaka kumapeto kwa May. Amene anagonapo ku Dedza mu June kapena July akudziwa kuti kuzizira kwa kumeneko si kwamasewera. Tawuniyi ili pamtunda kwambiri, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo m'bandakucha nkhungu imatsika m'phiri n'kukuta nyumba zonse, manja n'kumachita dzanzi ukagwira chitsulo.

Vuto linkachitika chonchi. Ndikapotoza kiyi, sitata imazungulira mwamphamvu ndipo injini imalira nthawi yomweyo. Ikalira masekondi awiri kapena atatu, mawu ake amatsika, imanjenjemera pang'ono, kenako zii. Kachiwiri, chimodzimodzi. Ndikaponda mafuta pang'ono imakhalako ndi moyo, koma ndikaponda mofulumira imatsokomola ngati yatsamwa. Ndikachotsa phazi, yazima. Ndikaika giya pa R kuti ndituluke pampanda, yazima. Pakatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri ndikuinyengerera, vuto lonse limatheratu, ndipo tsiku lonse imalira kamodzi n'kamodzi ngati palibe chinachitika.

Ndinazolowera kutuluka phazi lamanzere lili pa buleki, lamanja pa mafuta. Musachite zimenezi. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anathamangira kuseri kwa galimoto kukatola chikwama chake ine ndikubwerera m'mbuyo mwanjira imeneyi, injini itakwera ma rev. Ndinamuona pagalasi n'kuima, koma tsiku lonselo mtima sunakhale m'malo. Apo m'pamene ndinatsimikiza kuti vutoli lithe basi.

Makaniko woyamba anamvetsera nkhani yanga, analiza galimoto, inalira bwino. Anati mapulagi atopa, tinasintha. M'mawa mwake inazima monga kale. Ndinabwerera, anasintha sefa ya mafuta. Palibe chinasintha. Ulendo wachitatu anandiuza kuti ndipotoze kiyi mpaka pa ON iye atatchera khutu pa thanki, ndipo atamva kuti kuli zii anati pampu yafooka. Ndinagula pampu ina yogwiritsidwapo kale ntchito, ndalama zambiri ndithu kwa mphunzitsi, koma m'mawa mwake nyimbo inali yomweyo. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti pa Toyota za zaka zimenezo pampu siimalira kiyi akangofika pa ON. Imayamba sitata ikamazungulira, n'kupitiriza injini ikalira. Pampu yanga yakale inalibe mlandu.

Makaniko wachiwiri anatenga njira yachidule. Anapotoza kasikuluwu komwe kamaimitsa chitseko cha mpweya pa throttle body, polowera mpweya wopita mu injini, kuti chitsekocho chizikhala chotseguka pang'ono nthawi zonse. M'mawa galimoto inkazimabe, ngakhale kuti osati kambirimbiri ngati kale, koma masana injini ikatentha inkalira mokweza pamalo amodzi, ndikaika pa D imadumpha, ndipo petulo anayamba kutha msanga. Sindikuwanyoza anthu awiriwa. Onse ankaiona galimoto nditayenda nayo kale makilomita atatu, itatentha, ndiye ankangoganizira potengera zomwe ndawauza.

Mnzanga wina wa kusukulu anandilozera kwa bambo wina wachikulire wokonza zamagetsi a galimoto, amene amagwirira ntchito pakhomo pake. Sanatsegule n'komwe boneti. Anandikhazika pabenchi n'kuyamba kundifunsa mafunso ngati a kuchipatala. Sitata imazungulira mwaulesi kapena mwamphamvu? Ikanakhala yaulesi, akanayamba ndi batire, chifukwa batire yotopa imaonekera nthawi yozizira. Injini imatenga nthawi isanagwire, kapena imagwira pomwepo n'kuzima? Ikamazungulira nthawi yaitali isanagwire koma ikagwira n'kumayenda bwino, nthawi zambiri ndiye kuti mafuta abwerera ku thanki usiku ndipo pampu ikuyamba yadzaza kaye mapaipi. Kumbuyo kumatuluka utsi wakuda ndi fungo la petulo? Pamenepo mafuta achuluka. Imagwedezeka ngati silinda imodzi yagona, makamaka kukakhala chinyezi? Pamenepo akanayang'ana chivundikiro cha distributor, chogawira moto ku mapulagi, ndi mawaya a mapulagiwo, poti mng'alu waung'ono ukalowa mame moto umathawira pambali. Nditayankha zonse anati:

"Aphunzitsi, galimoto yanu imadwala m'mawa, koma inu mumapita nayo kwa dokotala itachira. Mawa musaigwire. Musaike ngakhale kiyi. Ndikupezani hafu pasiti faifi."

Anabweradi pa njinga, atavala chijasi ndi chipewa chaubweya, m'thumba muli mita yoyezera magetsi, tochi ndi kawaya kakafupi. Tili chiimire pafupi ndi boneti anandifotokozera chifukwa chake injini yozizira imavuta, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mmene ndinamvera chifukwa zina zonse zikutsamira pamenepa. Petulo amayaka akasanduka nthunzi. Chitsulo chikazizira, petulo wambiri amene ma injector apopera sasanduka nthunzi, amangomatirira m'makoma mwa njira ya mpweya ngati mame pa malata. Choncho injini yozizira imafuna petulo woposa wa nthawi zonse kuti wokwanira afike poyakira. Komanso oyilo wozizira ndi wolimba, injini imavutika kuzungulira, ndiye imafunanso mpweya wowonjezera kuti ma rev akwere. Magalimoto a kabuleta anali ndi choki chochitira ntchito imeneyi. Pa magalimoto a injector ntchitoyi ili m'manja mwa kompyuta, ndipo kompyutayo ilibe khungu loti imve kuzizira. Imakhulupirira zimene kasensa kena kamene kamizidwa m'madzi a injini kaiuza. Ikauzidwa kuti kwazizira imawonjezera petulo, n'kutsegula kavalavu ka idling (kulira kwa injini phazi lisali pa mafuta) komwe kamadutsitsa mpweya m'mbali mwa chitseko chachikulu chija.

Choyamba anafunsa kompyutayo ngati ili ndi dandaulo. Pa Toyota za nthawi imeneyo simufunika makina odula. Mu boneti muli kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kunsi kwa chivundikiro chake kuli chithunzi cha mayina a timabowo. Analumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya kaja, n'kundiuza kuti ndipotoze kiyi mpaka pa ON osaliza injini. Nyali ya check engine imayamba kuphethira. Ikamaphethira mofanana osapumira, kompyuta ilibe chimene yasunga. Pakakhala vuto imaphethira mowerengeka: kawiri, kupuma, kawirinso, ndiye nambala 22, yomwe ndi ya sensa ya madzi. Yanga inangophethira mofanana. Ndinakhumudwa, poganiza kuti tabwereranso poyambira.

Bamboyo sanatekeseke. Anati kompyuta imalemba nambala 22 pokhapokha waya waduka kapena wagundana, ndiye kuti uthenga umene ikulandira ndi wosatheka. Koma sensa ikamanena kuti madzi ali pa madigiri 40 pomwe ali pa 10, kompyuta ilibe njira yodziwira kuti ikunamizidwa, chifukwa 40 ndi kutentha kotheka. Apa m'pamene anthu ambiri amasocherera. Amaona kuti nyali siinayake n'kunena kuti masensa onse ali bwino.

Anazimitsa kiyi, n'kuzula pulagi ya sensayo. Pa injini imeneyi ili chakumbali komwe kuli distributor, pomwe mapaipi a madzi amakumana. Samalani, chifukwa pamenepo pali tizitsulo tingapo tofanana. Ka waya mmodzi n'ka singano ya pa dashibodi, ndipo kalibe chochita ndi kompyuta. N'chifukwa chake singano imatha kumaonetsa bwinobwino pomwe kompyuta ikulandira bodza. Kamene tikufuna kali ndi timano tiwiri. Anaika mita pa ma ohm, muyeso wa mmene chinthu chikukanizira magetsi kudutsa, n'kugunditsa pa timano tiwirito. Sensa imeneyi ikazizira ma ohm amakwera, ikatentha amatsika. Muyeso wa Toyota ndi pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa madigiri 20, ndipo pa madigiri 80 amatsika kufika pakati pa 200 ndi 400. Yanga inaonetsa 1,150, umene ndi muyeso wa madzi ofunda a madigiri 40 kapena kuyandikira pamenepo. Ife tinali tikunjenjemera ndi chisanu.

Chimene anachita kenako ndi chomwe ndimauza aliyense, chifukwa sichifuna buku kapena choyezera kutentha. Pa bokosi la sefa ya mpweya pali sensa ina yoyeza kutentha kwa mpweya wolowa, ndipo ma ohm ake amayenda pafupifupi mofanana ndi a sensa ya madzi. Galimoto ikagona usiku wonse, madzi, chitsulo ndi mpweya zonse zimakhala zitazizira mofanana, ndiye masensa awiriwa ayenera kuonetsa manambala oyandikana. Ya mpweya inaonetsa 3,800. Ya madzi 1,150. Imodzi inali kunama, ndipo zala zathu zinkatiuza kuti ndi iti. Tikanayeza masana injini itatentha sitikanaona kanthu: titaichotsa sensa ya madziyo tinaviika mutu wake m'madzi otentha a mu ketulo, ndipo inatsika mpaka cha m'ma 300 ngati yabwinobwino. Inkalephera mbali ya kuzizira yokha. Ku Salima, komwe m'mawa kumakhala kofunda, bodza lakelo linali laling'ono ndipo injini inkalipirira.

Ndinafunsa ngati sitingangoizula pulagiyo kuti ndiziyendera kaye. Anakana. Pulagi ikazulidwa, kompyuta ya Toyota imangotenga kuti injini ili pa madigiri 80, ndiye m'mawa zinthu zimaipiratu kuposa kale.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe nditabwereka mita ija. Ku Old Town ndinapempha wogulitsa kuti ndiyeze ndisanalipire. Poyamba anakayika, koma analola. Mwa zitatu zakale zimene ananditulutsira, imodzi inali yakufiratu, ziwiri zinaonetsa cha m'ma 2,300, zogwirizana ndi nyengo ya m'sitolomo. Ndinafumbata imodzi m'manja kwa mphindi imodzi n'kuona nambala ikutsika pang'onopang'ono osadumphadumpha, ndipo ndinagula imeneyo. Pomanga, injini ikhale yozizira. Imamasulidwa ndi sipanala ya 19, madzi pang'ono amatayika, ndipo mukamaliza muwonjezere madzi n'kuonetsetsa kuti mpweya watuluka m'mapaipi, chifukwa sensa ikakhala mu mpweya m'malo mwa madzi imanamanso.

Lamulungu m'mawa galimoto inalira osazima, ndipo kutsokomola kuja ndikaponda mafuta kunatha. Ndinasangalala, koma khutu linandiuza kuti sizinathe. Injini yozizira imayenera kuyamba ndi ma rev okwera, kupitirira 1,000 ndithu, n'kumatsika yokha pamene ikutentha mpaka kukhazikika cha m'ma 700 kapena 800. Yanga inkayambira pansi, ikugwedezeka, ndipo nditaika pa R inatsala pang'ono kuzima. Petulo anali akukwana tsopano, mpweya ndiwo unkaperewera.

Ndikanakhala ndekha ndikanaganiza kuti ndagula sensa yolakwika. Bamboyo anati galimoto ya zaka zoposa makumi awiri kawirikawiri siikhala ndi vuto limodzi, imakhala ndi timavuto tingapo tomwe aliyense payekha injini ikanatha kumupirira. Tinamasula throttle body n'kuchotsa valavu ya idling yomwe ili kunsi kwake. Mkati munali mwaye wakuda wosakanikirana ndi oyilo, wouma ngati phula, ndipo kachitseko kozungulira kamene kamayenera kuyenda mopepuka kankachita kukakamira. Mwaye wotere umalimba kukazizira n'kufewa injini ikatentha, n'chifukwa chake nawonso umavutitsa m'mawa mokha. Anatsuka ndi mankhwala opopera otsukira kabuleta, akupukuta ndi kansalu ndi mswachi wakale, osalola mankhwalawo kulowa mbali ya magetsi, mpaka kachitseko kanayamba kuyenda ndi chala chimodzi. Mankhwala amenewa amayaka msanga, musawagwiritse ntchito pafupi ndi mbaula ngakhale kuzizire bwanji. Tisikuluwu ta valavuyi n'tofewa mitu, tikufuna sikuludiraiva yokwana bwino ndi dzanja lodekha. Gasiketi yake ikang'ambika ikani ina, chifukwa pamenepo pamadutsa madzi.

Madziwo ndi nkhani inanso. Pali timapaipi tiwiri tating'ono tobweretsa madzi a injini pa valavuyi kuti izitenthedwa pamodzi ndi injini. Kamodzi kanali katatsekeka ndi matope a dzimbiri. Mlandu umenewu ndi wanga: zaka zonse za ku Salima ndinkathira madzi a pampopi okhaokha mu rediyeta, osaika coolant. Tinatsukuluza zonse mpaka madzi anayamba kutuluka oyera.

Kenako anabwezeretsa kasikuluwu kamene makaniko wachiwiri anapotoza. Kameneka amakatchera ku fakitale ndipo si kosinthira idling. Pa chitseko cha mpweya pali sensa imene imauza kompyuta kuti phazi lachoka pa mafuta, ndipo kompyuta imayamba kuyendetsa valavu ya idling ikalandira uthenga umenewo. Chitseko chikatsegulidwa ndi sikuluwu, uthengawo utha kusowa, kompyuta n'kumaganiza kuti dalaivala akupondabe. Anayeza ndi mita pakati pa timano ta sensayo totchedwa IDL ndi E2 mpaka anaona kuti chitseko chikatsekeka magetsi akudutsa, chikangotseguka pang'ono akuduka. Poyang'ana timapaipi ta mpweya tinapezanso kamodzi kong'aluka kumapeto, kouma ngati chikuni. Tinadula mbali yong'alukayo n'kukalowetsanso. Pomaliza anazula fyuzi yolembedwa EFI kwa kanthawi kuti kompyuta iiwale nambala zimene inalemba pamene tinkazula mapulagi, n'kuibwezera.

Tili pafupi kutseka boneti anandifunsa ngati singano ya kutentha imafika pakati. Ndinamuuza kuti m'tawuni imafika, koma ndikamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti imagwa mpaka pansi, ndipo hita siitenthetsa kwenikweni. Anamasula pomwe pamakhala thermostat, ndipo munalibe kanthu. Mwini wake woyamba kapena makaniko wina anaichotsa, monga ambiri amachitira kuno poganiza kuti ndi ya kumayiko ozizira okha. Ine maganizo amenewa ndimatsutsana nawo. Thermostat ya injini imeneyi imatseguka cha pa madigiri 82. Ntchito yake ndi kutsekereza madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itatentha, kenako n'kuisunga pa kutentha koyenera. Ikachotsedwa, injini imachedwa kutentha, ndipo kompyuta yomwe tsopano ikumva zoona imapitiriza kuthira petulo wowonjezera ulendo wonse. Galimoto ikamawira, choyambitsa chimakhala rediyeta yotsekeka, fani, pampu ya madzi, kapena thermostat yakufa yofunika kusintha. Kuichotseratu kumangobisa vutolo. Kusowa kwake sikumene kunkazimitsa galimoto yanga, koma ndikanaisiya choncho ndikanasinthanitsa vuto la m'mawa ndi la pa filling station. Tinaika yatsopano.

Kwa amene galimoto yanu ikuchita zofanana ndi yanga, musanagule chilichonse khalani ndi pepala m'mawa atatu otsatizana. Lembani ngati sitata ikuzungulira bwino, masekondi amene injini ikutenga kuti igwire, ngati ikuzima yokha kapena mukaika giya, zimene ikuchita mukaponda pang'ono ndi mukaponda mofulumira, mtundu wa utsi, ndi mphindi zimene zikupita kuti ichire. Ikamakhala bwino ndi kuponda pang'ono chabe, ganizirani mpweya ndi valavu ya idling. Ikamatsamwa mukaponda, ganizirani kuchepa kwa petulo, ndipo yambani ndi sensa ya madzi ndi timapaipi tong'aluka musanafike ku pampu. Ngati mukukayikiradi pampu, iyezedwe ndi geji ya presha m'malo mongoimvetsera. Pa Toyota zimenezi kulumikiza +B ndi FP m'kabokosi ka DIAGNOSIS kaja kumachititsa pampu kulira injini ili chizimire. Manambala ndi mayina amene ndatchula ndi a Toyota za zaka zimenezo. Nissan, Mazda ndi ena ali ndi awo, ngakhale kuti kagwiridwe ka ntchito n'kofanana. Ndipo galimoto igone kwa makaniko, kapena makaniko abwere kwanu kusanache, injini isanalizidwe ngakhale kamodzi. Mukamayesa zonsezi galimoto ikhale panja kapena zitseko za galaja zikhale zotsegula, chifukwa utsi wa injini yozizira m'chipinda chotseka umapha.

Lolemba lotsatira kunazizira kuposa masiku onse, udzu wa pabwalo utachita mbuu. Ndinapotoza kiyi phazi lili pansi, osakhudza mafuta. Injini inagwira, ma rev anakwera okha kufika cha m'ma 1,400, ndipo ndinakhala chete ndikuyang'ana singano ya ma rev ikutsika pang'onopang'ono pamene ana ankalowa ndi zikwama zawo. Ndinaika pa R, inangotsika pang'ono n'kudzikweza yokha. Tisanafike pa msewu wa M1 hita inali itayamba kutulutsa mpweya wofunda, koyamba chigulireni galimotoyi. Kumapeto kwa mwezi umenewo tinapita kukaona abale ku Salima, ndipo potsika Khwekhwerere singano ya kutentha inakhala pakati mpaka ku Golomoti.